Aphunzitsi Aphunzira Kutseka Pakamwa

Ana asukulu ankawatcha a Wailesi, chifukwa akayamba kulankhula panalibe pozimitsira. Zaka makumi awiri akugwira choko, anali asanafunsepo funso lomwe yankho lake sankalidziwa kale.

Ndiye Lachisanu lina kunabwera namwino kudzaphunzitsa aphunzitsi momwe angathandizire ana amene akuganiza zodzipha. A Wailesi anakhala kutsogolo, koma mtima unali kunyumba. Mwana wawo wamkazi, chilepherereni mayeso, ankangodzitsekera m'chipinda, ndipo dzulo lake anagawira azing'ono ake mabuku ndi nsapato zake zonse. Bambowa anali ndi mantha, koma sanauze munthu.

"Mufunseni mwanayo mosazungulira," anatero namwino. "Kufunsa sikumupatsa maganizowo ayi. Mukafunsa, tsekani pakamwa mumve."

Anawaika awiriawiri kuti ayeserere. A Wailesi anapatsidwa mphunzitsi wa masamu, bambo wadazi, wamimba yakeyake, woti akhale ngati mwana wa zaka khumi ndi zisanu.

"Iwe, chikukuvuta n'chiyani?" anafunsa a Wailesi.

"Aphunzitsi, ine ndimangoona ngati..."

"Ulesi basi! Ife tinkapita kusukulu opanda nsapato. Moyo ndi wokoma. Moyo ndi woko...?"

"...ma!" anayankha aphunzitsi onse pamodzi, ngakhale ahedi amene ankawodzera kumbuyo.

Namwino anagwira kumutu. Anawapatsa a Wailesi kapu ya madzi kuti akafunsa amwe, koma asameze mpaka mwanayo atamaliza. Kawiri konse anameza. Kachitatu anapirira ndithu, masaya ali tuu, mpaka wamasamu uja anati sukulu ilibe phindu. Madzi onse anathera padazi. Anthu anaseka mpaka misozi, koma a Wailesi sanaseke, poti anazindikira kuti kunyumba kwawo amafunsanso chimodzimodzi.

Ataweruka anagogoda pachitseko cha mwana wawo, chinthu chomwe anali asanachitepo m'nyumba yomanga okha. Anamupeza atagona moyang'ana kukhoma. Anakhala pansi pafupi ndi bedi, mawondo akulira.

"Mwanangu, ndikufunse. Kodi umaganiza zodzipha?"

Zii. Ulaliki unabwera wokha, wa nsapato, wa amalume amene analephera kanayi koma lero ali ndi galimoto. Anauluma ndi mano. Panja nkhuku inalira, wina anatunga madzi n'kumaliza, iwo ali chete.

Mtsikanayo anatembenuka n'kuwayang'anitsitsa.

"Ababa, mukudwala?"

"Ayi. Ndikumvetsera."

"Inu?"

"Ndangoyamba lero. Undipirire."

Mtsikanayo anaseka pang'ono, kenako kusekako kunasanduka kulira.

"Eya, ababa. Ndakhala ndikuganiza. Ndimaopa kuti mundikalipira."

Mtima wa a Wailesi unasweka. Mawa adzapita naye kwa namwino uja, zimenezo anali atatsimikiza kale. Koma lero anangogwira dzanja la mwana wawo, lozizira, laling'ono kuposa momwe ankaganizira.

"Ndili pompano," anatero. "Nena zonse."