Kansalu Kofiira ka a Tsuruoka

Pa mpikisano umenewu nambala imayankhula. Anthu zana limodzi amathamanga mmodzimmodzi, kudumpha madziwe, kulendewera pa zingwe, kukwera makoma, makamera a wailesi ya kanema akuwalondola. Nambala zoyambirira amapatsa anthu oseketsa: wovala ngati nkhanu, woimba amene nyimbo zake zinasiya kugulidwa, wina wongofuna kuti amayi ake amuone pa kanema. Amenewa amagwera m'madzi kukadali m'mawa, anthu n'kuseka. Nambala zomalizira ndi za akuluakulu, amene dziko lonse limawadikira.

A Kuniharu Tsuruoka, ofolera nyumba ndi matailosi ku Takasaki, anakhala ku nambala zomalizira kuyambira mpikisanowo uli wakhanda. Ankathamanga ndi zovala za kuntchito, monga ankachitira onse akale, kuti munthu adziwike ndi ntchito ya manja ake. Kumutu ankamanga kansalu kofiira kamene akazi awo, a Tomie, anasoka pamanja. Ana a sukulu ankamanga tinsalu tofiira powatsanzira. Tsitsi litayamba kuyera ankagwa msanga, n'zoona, koma nambala yawo palibe anaikhudza.

Koma chaka china anawapatsa nambala 3.

Uthengawo unabwera ndi mayi wina wa ku wailesiko, dzina lake Shinozaki, atanyamula bokosi la makeke a nyemba. A Tsuruoka anangoona bokosilo n'kudziwa kuti pali kanthu. Anthu a kanema sakwera sitima ndi makeke popanda chimene akufuna. Mayiyo anagwada pamphasa, anawerama mpaka chipumi kutsala pang'ono kugunda pansi, n'kuyamba kuwanyengerera ndi mawu okoma. Anati iwo ndiwo mizu ya mpikisano. Anati dziko likufuna kuwatsanzika mwaulemu, ndipo pulogalamu ikayamba ndi misozi anthu sasintha wailesi. Kenaka anafika pa mfundo.

"Mukagwa, bambo, mudzatuluka m'madzi n'kupeza a Kamata akukudikirani. Mudzamasula kansaluko n'kuwapatsa."

"Ndikagwa?"

"Ndimati... mukamaliza."

"Mwanena kuti ndikagwa. Mwalemba kale ndi dziwe lake lomwe?"

Mayiyo anayang'ana makeke.

Ryosei Kamata ndiye anali ndi nambala 100. Munthu ameneyu anafika pa geti la a Tsuruoka zaka zambiri zapitazo, ali woonda ngati nsungwi, akugwira ntchito yoperekera katundu m'makomo. Anapempha kuti azikwera khoma lopindika, longa la ku mpikisano, limene a Tsuruoka anamanga kuseri kwa nyumba ndi matabwa otsala ku ntchito. Anamulola. Anamuphunzitsa poponda, popumira, ndi kuti munthu sayang'ana madzi. A Tomie ankamupakulira mpunga ndi nsomba yamchere ngati mwana wobala okha. Lero Kamata ali ndi nyumba yake yochitira masewera ku Tokyo, dzina lake lili pa chikwangwani chowala, ndipo khoma la m'katimo analiyeza ndi tepi ya a Tsuruoka. Atolankhani akamufunsa, amati anadziphunzitsa yekha. Tsopano anthu a kanema anaona kuti nkhani ya mphunzitsi ndi wophunzira ingagulitse malonda, mwadzidzidzi Kamata anakumbukira kuti anali ndi mphunzitsi.

A Tomie anawauza kuti asapite. Anati mawondo awo akulira kale akamatsika makwerero, nanga akavutikirenji ndi anthu opanda manyazi.

"Ndikhale pakhomo kuti akanene kuti mdala anathawa?" anatero a Tsuruoka. "Ndipita. Koma madzi awowo sandikhudza."

Kuyambira tsiku limenelo, akaweruka ku madenga a anthu, ankapita kuseri kwa nyumba. Matabwa anali atayamba kufumbwa, anakhomera atsopano. A Tomie ankamva mapazi akugunda khoma, kenaka thupi likugwa, kenaka mawu oti sanganenedwe pamaso pa alendo.

Tsiku la mpikisano kunazizira. A Tsuruoka anaima pamzere pakati pa wovala ngati nkhanu ndi wanthabwala wina wopaka utoto kumaso. Anzawo akale, amene ankalira nawo limodzi pansi pa nsanja yomaliza ya mpikisanowo, anali asanafike n'komwe. A nambala zazikulu amabwera dzuwa litakwera. Koma Kamata analipo, atavala jekete lodzaza ndi mayina a makampani. Anabwera n'kuwerama mpaka m'chiuno.

"Aphunzitsi, mwadzuka bwanji? Mukuoneka amphamvu."

"Sunga msana wakowo, iwe. Kamera sanayatse."

Kamata anaseka ngati wamva nthabwala, maso ali kwa Shinozaki.

Wa nkhanu uja anagwa pa chopinga choyamba, zala zake za pulasitiki zikuyandama, anthu n'kufa ndi phwete. Atafika pamalo oyambira, a Tsuruoka anaona zonse. Makamera anali ataunjikana pa dziwe lachiwiri. Pomwepo panaima munthu atagwira thaulo, ndipo Kamata anali pambali pake, manja atawakonzeka kale. Ndiye kuti dziwe lawo linali limenelo.

Belu linalira. Anaponda miyala yopendekeka ya chopinga choyamba monga amapondera denga lonyowa, phazi lonse pansi, osathamanga. Pa chigudumu chozungulira cha pa dziwe lachiwiri anakakamira ndi zala zimene zanyamula matailosi moyo wonse, dziko likuzungulira, mpaka anatera kutsidya. Wolengeza, amene anali atatsegula kale pakamwa kuti alire maliro, anachita chibwibwi. Ojambula anayamba kuthamanga ndi zingwe zawo, kugundana okhaokha. A Tsuruoka anadutsa chachitatu, anadutsa chachinayi, mpweya ukuwotcha pachifuwa.

Khoma lopindika ndilo linawakana. Anathamanga, bondo lakumanja n'kufooka. Anabwerera, anathamanganso, nsonga za zala zinakhudza m'mphepete mwake n'kuterereka. Akukonzeka kachitatu, lipenga la nthawi linalira. Pansi pa khoma palibe dziwe. Anatsika pa masitepe a m'mbali, ouma mpaka masokosi.

Shinozaki anafika akupuma wefuwefu. Anawayamikira kwambiri, anawerama, kenaka anatsitsa mawu n'kufunsa ngati angavomere kungolowa pang'ono m'madzi, chifukwa chithunzi chimene akuluakulu anagwirizana chinali cha munthu wonyowa. Anati n'zachangu, thaulo lilipo. Kumbuyo kwake Kamata anali atafiiritsa kale maso, manja onse awiri atatambasula.

A Tsuruoka anamuyang'ana Shinozaki m'maso.

"Zaka zonsezi ndimagwa ndekha, ndi thupi langa, anthu akuona. Lero ndaima, mukuti ndidzigwetse?" Anatembenukira kwa Kamata. "Ndipo iwe, misozi imeneyo waigula kuti? Unadya mpunga wa mkazi wanga. Ukanafuna kansaluka ukanabwera pakhomo panga, makamera kulibe, n'kupempha ngati munthu. Bweza manja akowo."

Anachoka kansalu kali kumutu. Atafika kunyumba, a Tomie anaona kuti mpunga umene anawalongedzera m'kabokosi anaumaliza wonse m'sitima.

Pulogalamuyo inaonetsedwa kumapeto kwa chaka. A Tsuruoka ndi a Tomie anakhala awiriwiri, miyendo ili pansi pa tebulo lalifupi lokutidwa ndi bulangeti lofunditsa, akusenda manachesi. Wa nkhanu anaoneka. Kenaka nyimbo yachisoni inayamba, ndipo panaoneka a Tsuruoka akugwera m'dziwe, pang'onopang'ono, madzi akuthovoka. Chinali chithunzi cha zaka zapitazo, malaya ake ena. Za miyala, za chigudumu, za khoma, sanaonetse ngakhale kamphindi. Kumapeto kunabwera Kamata, nambala 100 pachifuwa, kansalu kofiira kumutu. Anakagwira ndi dzanja, mawu akunjenjemera, n'kuuza dziko lonse kuti anamupatsa ndi aphunzitsi ake.

"Kosokedwa pa makina," anatero a Tomie. "Ndi mizere yopindira ikuoneka."

Foni inayamba kulira. Achibale, makasitomala akale, onse ankati alira nawo, ati anachita bwino kusiyira wachinyamata mwaulemu chotero. A Tsuruoka anayesa kuuza woyamba kuti n'zabodza, kuti iwo sanagwe. Munthuyo anaseka n'kunena kuti asachite manyazi, aliyense waona. Enawo sanavutike n'kuwafotokozera. Anazula chingwe cha foni kukhoma.

Tchuthi chitatha anakweza makwerero aatali pa kagalimoto kawo. Makwerero amenewo amatulukira kumbuyo, ndipo katundu wotere amafuna nsalu yofiira kuti wobwera m'mbuyo asagunde. Analowa m'nyumba, anatenga kansalu kaja, n'kukamanga ku nsonga ya makwerero ndi mfundo yolimba.

"Bambo, kameneko?" anafunsa a Tomie ali pakhomo.

"Kenikeni kali ku Tokyo. Sunaone pa kanema?"

Analiza injini. Kansaluko kanapita kakukupiza mu utsi wa galimoto, mseu wonse wa ku Takasaki, ndipo palibe anakazindikira.