Mano a Gitala

Aka kanali kachitatu m'sabata imodzi kuti Manzere anyamule ampu yake, chokuzira mawu a gitala, kupita nayo kwa mlamu wake wokonza mawailesi. Ampuyo inkalemera ngati thumba la simenti ndipo mwini wake zaka zinali zitapitako, koma mkwiyo umampatsa munthu mphamvu zosayembekezera. Anaitula pathebulo mwankhanza mpaka timisomali tinadumpha m'chitini.

"Alamu, mwaichita chiyani ampu yanga?"

Mlamuyo, mchimwene wa mkazi wake, sanadzutse n'komwe mutu. Anapitiriza kuwotcherera waya m'wailesi ya munthu wina, kautsi kakukwera pamphuno pake.

Nkhani yake inali yotere. Zaka makumi awiri zapitazo Manzere ndi anzake atatu anajambula chimbale cha nyimbo zaukali zija amati hevi metolo, zimene makolo awo ankati ndi phokoso la pagalaja. Chimbalecho sichinawafikitse patali, koma amene anachikonda akuchikondabe mpaka lero, ndipo chimene anachikondera ndi gitala ya Manzere, amene ankaimba ndi dzanja lamanzere. Inkalira mokalipa, pansi mokhuthala, pamwamba pake pali kakuthwa kena kamene mwini wake ankakatcha mano. "Gitala yopanda mano ndi chidole cha ana," ankatero masiku amenewo, pomwe tsitsi linali likadalipo.

Tsopano Kholingo, woimba wa gululo, anali atawasonkhanitsanso kuti akaimbe chimbale chonsecho pamaso pa anthu. Tsiku loyamba kuyeserera anadula nyimbo pakati.

"Aise, kulira kumeneko si kwa pachimbale."

Manzere anavomera, chifukwa nayenso ankamva kuti mano mulibe. Anapita kunyumba kukawafunafuna. Anasintha nsambo, anasintha waya, ampu anaiika pampando, anaikankhira pakona, tsiku lina anaiika mpaka m'bafa. Anamvetsera chimbalecho pafoni ndipo anapeza kuti namonso mano mulibe, choncho anatukwana anthu a mafoni kuti amafinya nyimbo za eni ake. Chimene chinatsala ndi kabatani ka tirebo, kamene kamawonjezera mawu oonda apamwamba. Anakapotokola kuchoka pa folo kufika pa sikisi, kenako pa eyiti, kenako pa teni pomwe kamathera. Mkazi wake anayamba kukonda kukacheza kwa aneba.

Kuyeserera kwachiwiri kunathera pokangana. Wang'oma anatseka makutu ndi thonje, wabesi, woimba gitala ya mawu apansi, anasuzumira panja ngati akudikira munthu, ndipo Kholingo sanapsatire mawu.

"Gitala yako ikutiboola makutu. Loweruka ukabwera ndi zomwezi titenga wina, usadzati sindinakuuze."

Manzere anawaona onsewo kuti ndi achiwembu. Gitala yopanda mano ingaboole bwanji makutu a munthu? Ankangofuna pomuchotsera basi, iye amene anapeka theka la nyimbozo. Ndiye popeza Kholingo anali kutali, mlandu wonse unagwera mlamu wake, amene ulendo woyamba anasintha mavaluvu a ampuyo, wachiwiri n'kutsuka mabatani onse, koma osaphula kanthu.

"Ndikulankhula nanu, alamu. Sipika yanga yeniyeni ija mwaichotsa. Mwandiikira yanu yachabechabe, mukuyesa sindidziwa?"

Apa mlamu uja anaika chowotcherera pansi. Anali munthu wa mawu ochepa, wozolowera makasitomala olalata, koma kutchedwa wakuba ndi mwamuna wa mlongo wake kunamulasa pamtima. Anapukuta manja pa ovolosi nthawi yaitali kuposa mmene anadera.

"Chabwino. Tiiyese sipikayo inu mukuona."

Anatenga kabokosi koyesera masipika, kamene kamaliza likhweru limodzi lokha, kuyambira pansi kukwera pang'onopang'ono. Analumikiza ku ampu n'kuyatsa. Poyamba kunamveka kung'ung'uza ngati lole ikudutsa kutali, kenako liwu linakwera, linakwerabe, linaonda, linafika ngati la ketulo yowira. Kenako linangoti zii.

Manzere anawomba m'manja.

"Mwaona? Yafera pomwepo! Pamwamba palibe chikutuluka. Ndimanena ine, nenani tsopano kumene mwaika sipika yanga."

Koma mlamu wake anali atakwinya nkhope, phewa limodzi atalikweza kutseka khutu. Galu amene ankagona pakhomo anadzuka n'kuthawira kutsidya kwa msewu. Kenako khoma linagunda katatu, ndipo mayi wosoka zovala wa chipinda choyandikana anatulukira pakhomo, tepi yoyezera ili m'khosi.

"Abambo inu, zimitsani chimenecho! Mukufuna kutiphulitsa mitu masana ano?"

Manzere anayang'ana mayiyo, anayang'ana ampu. M'chipindamo munali chete, moti ankamva njinga zikudutsa panja ndi anthu akuitanira malonda. Mlamu wake anazimitsa kabokosi kaja ndipo kwa Manzere palibe chinasintha.

Mayi uja atabwerera ku makina ake, mlamuyo analankhula motsitsa mawu, kenako anakumbukira n'kukweza pang'ono.

"Ampu ilibe vuto, alamu. Sinakhalepo ndi vuto. Achemwali akhala akundiuza kuti ketulo ikamalira simudzuka, ndipo belu la pageti mumati lawonongeka. Anaopa kukuuzani, nanenso ndinaopa. Zaka zonse zija mumaimirira mutu uli pasipika, mumayesa zithera kuti?"

Munthu wanzeru akanapepesa pamenepo. Manzere sanapepese. Chinamuwawa kwambiri n'chakuti anthu a m'nyumba mwake ankadziwa, akumuonerera akusenza chikatundu chimenechi uku ndi uku ngati wamisala, mwinanso akumumvera chisoni iye akatuluka. Anakhala pampando wothyoka wa makasitomala n'kumayang'ana pansi, pamene panali tizidutswa ta waya ndi zotsalira za ndudu.

Mlamu wake sanadikire kupepesedwa. Anaika chimbale chija pa wailesi ya m'shopumo, anampatsa Manzere gitala yoyesera maampu, n'kumuuza kuti azikhwacha chiyambi cha nyimbo yoyamba. Iye ankamvetsera uku ndi uku, akupotokola mabatani ndi zala ziwiri. Sizinatenge mphindi zisanu. Tirebo anaibweza pa folo, pomwe inkakhala kuyambira kale, ndipo anadontheza penti yoyera pamalopo.

"Apa ndiye pachimbale. Musakhudzenso."

Loweruka masana anakumana m'chipinda chawo choyesereramo, kuseri kwa shopu ya mipando, momwe munkanunkha guluu ndi utuchi. Palibe anamupatsa moni wautali. Manzere analumikiza gitala, anayang'ana kadontho koyera kaja, wang'oma anawerenga mpaka folo, n'kuyamba.

Asanafike pakati pa nyimbo Kholingo anali atayamba kudumpha ngati mwana.

"Ndi imeneyo! Ndi imeneyo, aise! Unali kuti masiku onsewa?"

Wang'oma anatulutsa thonje m'makutu n'kuliponya pakona. Wabesi anagwedeza mutu mpaka magalasi anatsetsereka. Manzere yekha ndi amene ankamva gitala ikulira ngati wailesi ya m'nyumba ya eni ake chitseko chili chotseka. Zala zinkadziwa njira yawo, zinkapita zokha, koma chimene chinkatuluka kwa iye chinali phala.

Nyimbo yachiwiri ili mkati, dzanja linamupitira lokha ku ampu. Sankafuna zambiri, kungokweza pang'ono pokha, pa faifi, kuti amveko kanthu. Kholingo anamuona. Anasiya maikolofoni, anabwera n'kugwira kabatani kaja ndi zala, anakazula n'kukaika m'thumba la buluku lake. Pa ampu panatsala kachitsulo kosongoka.

"Ndidzakubwezera tikamaliza shoo," anatero akumusisita paphewa. "Alamu ako anandiimbira foni, usadandaule, tonse tikukalamba. Iwe uzingoimba, kumva tikumvera ife."

Ananena mwachikondi, ndipo ndi chimene chinapweteka. Akanamutukwana bwenzi atapeza poyambira ndewu. Malo ake m'gululo anali atawapeza, palibe ankakambanso zotenga wina, ndipo ankayenera kuthokoza mlamu amene anamutcha wakuba. Manzere anakonza lamba wa gitala.

Anapitiriza. Atafika pamene gitala imalira yokha ena onse atatsitsa, mbali imene anaipeka ali mnyamata m'chipinda cha lendi, anaiimba akuyang'ana nkhope ya wang'oma kuti adziwe ngati ikutuluka bwino. Wang'oma anali atatsinzina, akumwetulira. Ndiye kuti inali kutuluka bwino.

Nyimbo yomaliza itatha, Kholingo anapukuta thukuta ndi malaya, akupumira m'mwamba, n'kumukumbatira.

"Koma wamva mmene yalirira lero?"

"Ndamva," anatero Manzere, n'kuwerama kukulunga waya wake.