Njere Makumi Awiri ndi Ziwiri

Kunja kunali kutachita chifunga cha fumbi, ndipo dzuwa la 4 koloko masana linkaoneka ngati mbale yakale yopachikidwa pamwamba pa nyumba za ku Najma, mumzinda wa Doha. Linali Lachisanu lomaliza la mwezi wa Novembala, kutentha kutayamba kugonja. Grayson Walije anakhala pa njerwa m'mbali mwa bwalo lamchenga, kuseri kwa malo oimikapo magalimoto, atafukata chikwama momwe munali mpira wagolide.

Golide wake anali wa penti. Unali mpira wakale womwe Amalawi ogwira ntchito ku Doha anaupopera utoto zaka zisanu ndi ziwiri zapitazo n'kuumata pa chitini cha mkaka. Ankasewera Lachisanu lililonse, ndipo pakutha pa chaka ankasankha katswiri wawo, dzina lake n'kulembedwa pa mpirawo. Wolemba anali Grayson. Iye sankasewera, chifukwa maso ake anali a magalasi ndipo miyendo yake inkaopa ya anzake. Ankangosunga kope la zigoli, ndipo anthu ankamutcha Aphunzitsi, ena mwaulemu, ena moseka.

Uphunzitsiwo anauphunziradi ku koleji, koma ntchito yake inali yolondera pakhomo la nyumba yaitali ya ku Onaiza. Maola khumi ndi awiri ankaima potsegulira zitseko anthu omwe sankamuyang'ana kumaso. Kuti mutu usachite dzimbiri, ankalakatula chamumtima mndandanda wa osewera omwe anapatsidwapo mphoto ya katswiri wa mpira ku Ulaya, chaka ndi chaka kuyambira 1956. Akafika kumapeto ankabwerera chammbuyo. Maina amenewo ndiwo anali anzake ocheza nawo.

Munthu mmodzi yekha ndiye anaonapo milomo yake ikugwedera. Anali a Macfussy Tabu, dalaivala wa basi yonyamula alonda, bambo wa ku Balaka wa ndevu za imvi amene ankatseka kumbuyo pa masewero a Lachisanu.

"Iwe mphwanga," anatero tsiku lina akumuyang'ana pa kalilole, "ukupemphera kapena ukutukwana abwana?"

Grayson anafotokoza mwamanyazi. Kuyambira tsiku limenelo mpando wa pafupi ndi dalaivala unakhala wake. A Macfussy ankatchula chaka chilichonse chomwe chawabwerera, iye n'kuyankha dzina, dziko ndi timu. Akamayankhula motsitsa mawu ankamudzudzula kuti, "Kweza mawu, mbewa ya manyazi inafera kuuna." M'zaka zitatu za ku Doha, ulendo wa mphindi makumi anayi umenewo ndiwo unali nthawi yokha yomwe Grayson ankamva mawu ake omwe akutuluka ndi kulandiridwa ndi munthu.

Ndi m'basi momwemo momwe anawauza, mwezi wa Malichi, kuti munthu woyamba kulandira mphoto ya ku Ulaya ija anali Mngelezi wa zaka 41. A Macfussy anamenya chiwongolero ndi chikhatho.

"Forty-one? Ndiye ine ndendende. Ukunena zoona?"

"Zoona, achimwene."

"Khalas, basi zatha. Chaka chino ndi changa."

Katatu konse a Macfussy anali atathera pa nambala yachiwiri polimbirana mpira wagolide uja. Kontirakiti yawo inkatha mu Januwale ndipo kampani inali itanena kale kuti siwonjezera. Chaka chonse anasewera atamanga bondo ndi nsanza, akuuluka pa mchenga ngati mnyamata. Ankafuna chithunzi chimodzi chokha, atanyamula mpira wagolide, choti akamuonetse mwana wawo Samira, yemwe ankadziwa bambo ake ngati mawu a pa foni ndi yunifomu ya buluu basi. Mwa Amalawi onse, palibe ankakana kuti chaka chino oyenera anali iwowo.

Masewero atatha, a Hamisi, wapampando wa gululo amenenso ankaphika m'nyumba ya Mwarabu wina, anaitana anthu kuti akhale pansi. Anatulutsa thumba la tende, zipatso za kanjedza zija, n'kugawira aliyense imodzi. Mwambo wake unali wotere: munthu adye tende yake, asunge njere. Opikisana avule jombo imodziimodzi, ziikidwe kuseri kwa khoma, ndipo aliyense apite yekha kukaponya njere mu jombo ya amene wamusankha.

Chapatali pang'ono, atatsamira tayala la lole, panakhala Swaleh, mnyamata wa ku Mombasa wotsuka mbale ku hotela. Anayamba kubwera mwezi wa Epulo chifukwa anzake a ku Kenya ankapuma tsiku lina, ndipo m'kope la Grayson munali zigoli zake makumi atatu ndi chimodzi. Ankadziwa kuti mphotoyo ndi ya Amalawi okha, choncho ankangopukuta thukuta, akuyang'ana magalimoto.

A Hamisi asanatchule maina, Rashid, goloboyi wa timu ya ofiira, anaimika dzanja.

"A chair, ine ndili ndi funso. Munthu uyu wandiboola chaka chonse mpaka ndimamulota. Ndiye lero tiziti kulibe?"

"Iwe aliyense amakuboola," wina anayankha, anthu n'kuseka.

"Ayi, tinene serious. Akamagoletsa timati ndi wathu. Ikafika nthawi ya mpira wagolide akhala Mkenya?"

"Malamulo ndi malamulo," anatero Edwin, mlonda wa ku Al Jadeeda. "Mlendo ndi mame. Mawa asintha shifiti, mpira wathu upita ku Mombasa."

"Nanga ife kuno ndife eni mudzi?"

Phokoso linakula. A Macfussy anali atavula kale jombo yakumanzere, ataigwira m'manja, akuchotsa mchenga kunsi kwake ndi kamtengo.

A Hamisi anaomba m'manja kawiri. "Yalla, tiyeni, tamverani. Mpirawu tinatengera kwa azungu. Ndiye tifunse amene amadziwa. Aphunzitsi, ku Ulayako amatani? Mlendo amalandira?"

Nkhope makumi awiri zinatembenukira kwa Grayson. Anaimirira, chikwama chili pachifuwa.

"Mphotoyi inayamba m'chaka cha 1956," anayamba motsitsa. "Anaiyambitsa ndi atolankhani a ku France. Kwa zaka makumi atatu ndi zisanu ndi zinayi, inali ya osewera a maiko a ku Ulaya okhaokha. Wochokera kwina, kaya akhale katswiri wotani, sankawerengedwa."

"Mwamva?" anatero Edwin. "Nkhani yatha."

Ikanatheradi pomwepo. Zomwe ananenazo zinali zoona, ndipo palibe mmodzi pabwalopo akanadziwa kuti zatsala zina. Grayson anayang'ana a Macfussy. Iwo anakweza maso, n'kumugwedezera mutu pang'ono, monga amachitira munthu kwa mnzake yemwe wamunyamulira katundu. A Hamisi anali atayamba kale kupinda thumba la tende.

Koma mndandanda uja unali m'mutu mwake ngati mzere wa njerwa, ndipo iye anali ataima pa 1994, phazi lili m'malere. Mbiri yosiyira panjira inkamuyabwa ngati bodza. Panalinso china chimene anachita nacho manyazi ngakhale pa nthawi yomweyo: anthu anali chete chifukwa cha iye. Palibe ankaseka. Ngakhale Swaleh, yemwe Chichewa ankachimva mwa apo ndi apo, anali atasiya kuyang'ana magalimoto. Zaka zonse za ku koleji Grayson ankalota kalasi yotere, ndipo inamupeza pa mchenga, kuseri kwa malole.

"Komabe sizinathere pamenepo," anamva pakamwa pake pakutero.

A Hamisi anasiya thumba lija.

"M'chaka cha 1965 anapambana munthu wobadwira ku Mozambique, kwa aneba athu konkuno. Koma kuti alandire, anawerengedwa ngati Mpwitikizi, chifukwa ankasewerera dziko la Portugal. Ndiye m'chaka cha 1995 eni mphoto anasintha lamulo. Anati aliyense wosewera m'matimu a ku Ulaya awerengedwe, kaya kwawo ndi kuti. Chaka chomwecho anapambana munthu wa ku Liberia." Mawu ake anali atakwera tsopano, osanjenjemera. "Sikuti akatswiri akunja anayamba chaka chimenecho. Analipo kale. Chomwe chinasintha ndi maso a owerenga."

Rashid anaimba mluzu ndi zala.

"Aphunzitsi ayankhula lero. Mlendo ndiye amabwera ndi kalumo kakuthwa, a chair. Mupatseni tende."

A Hamisi anafunsa kuti ogwirizana nazo aimike manja. Manja anakwera, ena msanga, ena moyang'ana anzawo. Dzanja lomaliza kukwera linali la a Macfussy, ndipo silinapitirire phewa. Rashid anathamanga kukamukoka Swaleh, yemwe ankakana akuseka, akuti, "Mafi mushkila, palibe vuto, ine basi kusewera," mpaka anamuvula jombo mokakamiza.

Grayson anakhala pansi. Kukoma kuja kunali kutatha kale, ngati shuga wa tende yomwe inali m'kamwa mwake. Njere anaifumbata mpaka inamulasa m'chikhatho.

Jombo ziwiri zinaikidwa kuseri kwa khoma, chifukwa ena omwe akanapikisana anakana okha. Anthu anapita mmodzimmodzi. Nthawi yake itakwana, Grayson anazipeza zitaima moyandikana pa mthunzi: ya Swaleh yobiriwira, yopepuka, ndi ya a Macfussy yakuda, yosokedwa ndi ulusi wa nsapato za alonda kuchala chachikulu. Sanafune kusuzumira m'kati. Anaponya njere yake mu yakudayo ndipo anaimva ikugunda pachikopa, osati pa njere zinzake.

Kuwerenga inalinso ntchito yake. Anakhuthula jombo zonse pa kope, anthu atamuzungulira. Anawerenga kawiri, ngakhale maso anali ataona kale milu iwiriyo.

"Swaleh, khumi ndi zinayi. A Macfussy, zisanu ndi zitatu."

Anyamata anamunyamula Swaleh m'mwamba. Iye ankabisa nkhope ndi manja, ndipo atamutsitsa anthu anaona kuti akulira. Iye anati chifikireni ku Doha palibe anamutchulapo dzina lake lenileni kuntchito, onse amangoti iwe. Grayson anatulutsa mpira uja m'chikwama, n'kupeza malo pansi pa maina asanu ndi awiri akale. Analemba mosamala monga mwa nthawi zonse, chilembo chilichonse chowongoka, ndipo dzanja lake silinalakwitse.

A Macfussy anali woyamba kumugwira chanza Swaleh. Anamusisita pamutu, n'kumuyamikira m'Chiarabu kuti, "Mabruk, mwana wanga, wasewera." Rashid atapempha chithunzi cha gulu lonse, iwo anati bondo lawavuta, ndipo ndi iwo anagwira foni n'kujambula anzawo. Anajambula katatu kuti pasapezeke wotsinzina.

Dzuwa linali litatsikira kuseri kwa nyumba, ndipo mzikiti wapafupi unayamba kuitana. Anthu anabalalika, ena kukapemphera, ena kukathamangira basi. Grayson anachedwa dala, akulongedza kope ndi cholembera, mpaka pabwalo panatsala anthu awiri. A Macfussy anakhala pa njerwa, akumasula nsanza ya pabondo pang'onopang'ono. Bondolo linali litatupa ngati papaya.

Grayson anayandikira. M'njira yonse ya masitepe khumi amenewo anakonza ziganizo zingapo, zonse zomveka bwino, zonse zoona. Akanatha kunena kuti otseka kumbuyo sapambana kawirikawiri ngakhale ku Ulaya komweko. Akanatha kunena kuti pali akatswiri ambiri omwe dziko limawakumbukira koma sanalandirepo. Anadziwa kuti mawu otere ndi omwe amuika pamene waimapa.

"Achimwene," anatero, mawu atabwerera mwakale. "Njere yanga ndinaponya mwa inu."

A Macfussy anapinda nsanza ija kanayi, n'kuiika m'thumba la malaya. Anamuyang'ana Grayson nthawi yaitali. M'maso mwawo munalibe mkwiyo, ndipo zimenezo ndi zomwe zinamuwawa kwambiri. Munali kutopa kwa munthu amene wayendetsa basi tsiku lonse n'kupeza kuti wafika pamalo pomwe ananyamukira.

Anadzuka mogwira khoma. Jombo yakuda ija sanaivalenso. Anaigogoda kawiri pa njerwa, anaikolekera pa chala, n'kuyamba kuyenda motsimphina kulowera kumsewu waukulu, phazi limodzi lili ndi sokosi yokha. Anadutsa pakati pa malole awiri, mutu wawo ukuonekera ndi kubisika, mpaka khamu la anthu otuluka m'masitolo linawameza.