Muyezo Wotchedwa Zakhali

Mu ofesi ya mainjiniya ija aliyense ankawaitana kuti Azakhali, poti ndiwo anali aakulu pa onse. Anali mayi onenepa, oyankhula motsitsa. Ntchito yawo inali yowerengera katundu amene mizati ndi makonde a nyumba zosanja angapirire. Ndiwonso ankasamala pulogalamu ya pakompyuta imene onse ankawerengerapo, makamaka mbali ya miyezo: mamita, makilogalamu, matani.

Mlamu wa bwana atalembedwa ntchito, anamukhazika pafupi nawo kuti amuphunzitse. Anali munthu wanthabwala, wamutu wogwira zinthu msanga.

"Mukafuna muyezo umene mulibemo, mumawonjezera nokha, achimwene," anatero Azakhali. "Apa mulemba dzina, apa mulemba kuti ndi makilogalamu angati. Mukasunga, umaonekera pa makompyuta onse. N'chifukwa chake sitiseweretsapo."

"Ndamva, Azakhali."

Tsiku lina kuchipinda choyesera simenti ndi miyala kunabwera sikelo yatsopano. Mlamu uja anawapempha kuti akwerepo, ati aone ngati ikugwira bwino. Anavula nsapato n'kukwerapo akuseka. Iye anayang'ana manambala, nati sikelo ilibe vuto.

Posakhalitsa Azakhali anayamba kumva zoyankhula zachilendo. Wojambula mapulani ankafunsa mnzake kuti khonde lakutilakuti linganyamule azakhali angati, onse n'kubisa nkhope kuseri kwa makompyuta. Ankayesa ndi zapakamwa chabe, mpaka m'mawa wina atatsegula miyezo ya kulemera. Pansi pa tani panali muyezo watsopano: zakhali, makilogalamu 118.

Anachotsa dzanja pa mausi. Kenako ananyamuka kupita kwa bwana.

Bwana anamvetsera akuluma milomo kuti asaseke. "Mayi, musamaike zinthu kumtima chonchi. Anyamata akungocheza. Ena timafa popanda chinthu chotchedwa dzina lathu, inu mwachita mwayi."

Kuyambira pamenepo Azakhali analeka kudyera patebulo la onse. Chakudya chawo chinkabwerera kunyumba chili chotseka, ana akafunsa ankati m'mimba simuli bwino. Chikepe nachonso anasiya kukwera, chifukwa akangolowamo wina ankawerenga mokweza chikwangwani cha pakhoma: "Muno ndi mwa azakhali asanu, tatsala ndi malo a anayi." Ankakwera masitepe, n'kumaima pakona kuti apume asanalowe mu ofesi.

Mtima utadzaza, m'mawa wina anafika anzawo asanabwere, natsegula pulogalamu n'kufufuta muyezo uja. Sankadziwa kuti mlamu uja ndi anzake ankaugwiritsa ntchito pa mawerengero enieni, n'kumasinthira ku makilogalamu pokhapokha akamasindikiza. Anthu atayatsa makompyuta, masamba anangoti psuu kufiira. Mawerengero a nsanja ya thanki yamadzi, amene mwini nsanjayo ankabwera kudzatenga tsiku lomwelo, anakana kutseguka. Mwiniwakeyo anadikira pa benchi mpaka anatopa, nachoka osatsanzika.

Bwana anaitana onse kuti aime pa desiki ya Azakhali.

"Wafufuta ndani?"

"Ndine, bwana."

"Inu nomwe mumauza anthu kuti pamenepa saseweretsapo. Bwezerani. Pompano, tonse tikuona."

"Bwana, dzina lokhalo tisinthe. Nambala ikhale, koma dzina…"

"Mafayilo onse akudziwa dzina limenelo. Lembani."

Azakhali anakoka mpando. Polemba dzina lija anaphonya chilembo, wina kumbuyo n'kuwakonza: "Pali h pamenepo." Atafika polemba makilogalamu anaima.

"Nambala ikhale yomwe ija, Azakhali," anatero mlamu uja mwaulemu. "Ndikuona masiku ano mwatsikako, simukukwananso zakhali mmodzi. Koma mukasintha, thanki ya eni ake igwa."

Ofesi yonse inafa nacho chiseko, mpaka bwana anapukuta misozi ndi tayi. Azakhali analemba 118, nasunga. Masamba ofiira aja anayera.

Madzulo ake bwana anawalanda udindo wosamala pulogalamu n'kuupereka kwa mlamu wake. Desiki yawo inasunthidwira pafupi ndi makina okopera mapepala, pomwe pankatentha tsiku lonse. Sanasiye ntchito. Ana anali adakali pasukulu, ndipo pa msinkhu wawo sankaona kumene angakagogode.

Patapita nthawi, bwana anatsegula nthambi mumzinda wina, mlamu wake n'kukakhala mkulu kumeneko. Pulogalamu anapita nayo momwe inalili. Ambiri mwa oseka aja anachoka, kunabwera ena. Mmodzi mwa atsopanowo, mayi wofatsa wovala magalasi, anafika pa desiki yawo atanyamula laputopu.

"Pepani amayi, akuti inu ndinu akale kuno. Muyezo uwu kusukulu sitinaphunzire. Ndi wa dziko liti?"

Azakhali anayang'ana pamene chala chake chinaloza.

"Ndi wa konkuno," anayankha. "Muchulukitse ndi 118, mupeza makilogalamu."

Mayiyo anathokoza nabwerera pamalo pake. Azakhali anadzuka kukathira mapepala m'makina, poti makinawo anali atayamba kulira.