Nambala 14 Alowa M'bwalo

"Ababa, mwachita chiyani apa?" anafuula Ufulu, maso ali pa TV.

Bambo ake, a Fidelis, anaimitsa makina osokera. M'kanyumba kawo kalendi ku Block 8, kudziko la eni kolankhulidwa Chitswana, munali gemu ya pa TV ya basiketibo imene mayi a Ufulu anapatsidwa ndi abwana awo ku Phakalane. M'gemuyo munthu amakhala kochi wa timu ya pa koleji, ndipo amagawira osewera mapointi kuti aphunzire kuponya ndi kuthamanga. Ufulu ankasungira mapointiwo katswiri wake wamtali. Koma iye ali kusukulu, bambo ake anali atawapereka onse kwa kamnyamata kakafupi ka nambala 14, kamene sikanalowepo m'bwalo.

"Ndinamuona pa benchi atagwira tsaya," anatero a Fidelis. "Anandimvetsa chisoni."

"Si munthu ameneyo, ababa! Ndi chithunzi!"

"Nanga mnzake wamtaliyu umamulalatiranji akaphonya?"

Ufulu sanaseke. Nayenso Ufuluyo, kochi wa kusukulu ankamusiya pa benchi chifukwa chofupika, mpaka analeka kupita kokonzekera masewera. Kochiyo anali atanena kuti akapanda kubwera madzulo a tsikulo, amuchotsa m'timu.

"Telala sataya kansalu kotsala," anatero bambowo. "Mawa kamakhala thumba la malaya. Tamuyesa kaye."

Ufulu anang'ung'udza m'Chitswana, n'kulowetsa kamnyamatako kuti awaonetse kulakwa kwawo. Mpira woyamba kanaphonya.

"Thumba lanu lija ndi lobooka, ababa."

"Kuona maso a nkhono n'kudekha, mwanawe."

Wachiwiri kanaphonyanso. Wachitatu kanadutsa kunsi kwa khwapa la chimunthu chachitali, n'kuponya. Mpira unazungulira pamphete, kenaka unalowa. A Fidelis anadzuka n'kuomba m'manja, tepi yoyezera ikulendewera m'khosi. Komabe timuyo inagonja.

"Taluza," anatero Ufulu.

"Eya. Koma lero benchi sinamudziwe."

Ufulu anayang'ananso pa TV. Timapointi timene anapeza pamasewerawo anatipereka kwa nambala 14, n'kuzimitsa TV. Kenaka anagwada n'kutulutsa nsapato zake zamasewera kunsi kwa bedi. Pamene panali pong'ambika anapeza atasokapo ndi ulusi wakuda, watsopano.

Anayang'ana bambo ake. Iwo anali atawerama pamakina, milomo ikuyenda mwakachetechete monga ankachitira popemphera.

"Ke a leboga," anatero Ufulu m'Chitswana, kenaka anabwereza m'chinenero cha bambo ake, "Zikomo, ababa."

"Fulumira," anayankha osadzutsa mutu. "Kombi yopita kusukulu ikusiya."