Mfundo ya a Ermes

Foloko idapindika, koma mfundo osamasuka. Dalia adaitembenuza nsapato ija, nalowetsa dzino lina la foloko pakati pa zingwe, kukoka mpaka zala kuwawa. Ayi ndithu. Amuna amene adakatsitsa mtembo wa bambo ake kuphiri adangozisolola nsapatozo zili chimangire, nazibweretsa m'jumbo tsiku la maliro. Tsopano zidali patebulo la kukhitchini, dothi lakuda likadali kunsi kwake.

"Undithera mafoloko," adatero mayi ake, a Nives, osacheuka pamene ankatsuka makapu. "Mfundo ya bambo ako sinamasukepo yokha, ndipo mwini wake yekha ndiye ankaitha. Tenga mpeni."

"Sindidula, amayi."

"Ndiye zisiye. Kumene apitako savala nsapato."

Mfundoyo Dalia ankaidziwa bwino. Bambo ake, a Ermes, adamuphunzitsa ali kamtsikana, atamukhazika pakhonde: kuzunguliza kawiri, kupisa pansi, kukoka mwamphamvu. Dalia adakhala akuthamanga nayo m'mipikisano yake ya katatu, yosambira, kupalasa njinga ndi kuthamanga, ndipo sidamugwiritsepo mwala ngakhale tsiku limodzi.

Chakudza sichiimba ng'oma. A Ermes adakwera phiri m'mawa wina ndi thumba la tinsalu tofiira, kukamanga m'mitengo kuti tilozere njira ya mpikisano wothamanga m'phiri umene mudzi wa Rivosa umachititsa chaka ndi chaka udzu ukatha kumweta. Adakawapeza atakhala pamwala, atatsamira mtengo ngati munthu wongopuma. Mtima udali utaima. Chiikire maliro, m'nyumbamo aliyense adali wotopa ndi kulira, wotopa ndi kuthokoza anthu, wotopa ngakhale ndi tchizi ndi makeke amene anansi ankangobweretsabe ngati kuti chisoni chimatha ndi kutafuna.

Chitseko chidagogodedwa. Adalowa a Tarcisio, ophika buledi, amenenso ndi wapampando wa mpikisano uja, chipewa chili m'manja. Pambuyo pawo padali Tullio, mchimwene wake wamkulu wa Dalia, akununkha khola.

"Pepani, mayi Nives, ndikudziwa si nthawi yake," adayamba a Tarcisio. "Koma Lamlungu lafika. Anthu analembetsa kale. Tilibe tsache."

Pa mpikisano uliwonse wa m'phiri pamakhala tsache, munthu woyenda pambuyo pa onse. Amamasula tinsalu tija, amatola zinyalala, ndipo saloledwa kupitirira wothamanga aliyense, ngakhale wokwawa ngati nkhono. Popanda tsache mpikisano suyamba. Ku Rivosa tsache adali a Ermes kuyambira Dalia asanayambe sukulu, ndipo kunena zoona, ntchitoyo inkamuchititsa manyazi mwanayo. Anzake ankamutcha mwana wa wotsiriza. Bambo wa miyendo yolimba choncho, amene ankakwera phiri atasenza mchere wa ng'ombe osapuma, n'kumafika pamapeto anthu atamwa kale vinyo yense! Mwina n'chifukwa chake Dalia adakula wodana ndi kuona msana wa munthu patsogolo pake.

"Tsache musavutike nalo," adatero Tullio, akudzithirira khofi wozizira. "Loko ndagula kale. Geti lakumtunda silitsegukanso."

A Tarcisio adakhala pansi osauzidwa. Njira ya mpikisano imadutsa m'busa la banjali, pafupi ndi nsonga ya phiri. Uku phompho, uku phompho. Geti limenelo likatsekedwa, mpikisano wa Rivosa wafera pomwepo.

"Tullio mwanawe, bambo ako..."

"Bambo anga phiri lomwelo lawadya, a Tarcisio. Ine ndiye ndimakhala kumtunda kuja kuyambira m'mawa, kutchingira ng'ombe pakona kuti mabwana a m'tauni adutse ndi timakabudula tawo. Ng'ombe kulira ludzu, ine kudikira tsache lidzatseke geti. Kuyang'ana kunsi, abambo uko agwada, akulimbana ndi nsapato, masana atapita kale. Ndinkapirira chifukwa anali iwowo. Wina ayi."

"Dalia miyendo ali nayo," adatero a Nives, mawu ali pansi, akupukuta kapu youma kale.

"Amayi, Lamlungu ndili ndi mpikisano wanga kunyanja. Ndaukonzekera chaka chathunthu."

"Mwamvatu," adaseka Tullio, koma kuseka kopanda chimwemwe. "Adona athuwa sathamanga wamba. Amayamba asamba kaye, kenako kukwera njinga, ndiye n'kuthamanga pa tala posalala. M'matope muno angadetse masokosi."

"Achimwene, musandiyambe."

"Ndakuyamba kale. Maliro wafika mochedwa, ndiye Lamlungu unyamukenso msanga. Liwiro lokhalokha."

Mawuwo adamubaya Dalia chifukwa adali oona. Adayang'ana mayi ake, nawaona mmene adafotera m'masiku ochepawo, mapewa atagwa, maso atalowa. Adamva chisoni, ndipo pamwamba pa chisonicho adamva kutopa kwakuti ngakhale kukangana kudamulaka.

"Chabwino, ndikhala tsache," adatero.

Tullio adaika kapu pansi. "Ndiye mumve nonse. Belu la tchalitchi likalira masana tsache lisanadutse, ndikhoma loko. Wotsala kunsi abwerere. Ndipo ndikakhoma, ndakhomeratu, chaka chino ndi zaka zonse."

"Masana?" adayankha Dalia. "Ine ndidzafika khofi wanu asanazizire."

Adayankha ngati munthu wozolowera kuthamanga yekha. Adaiwala kuti tsache liwiro lake si la mwini wake.

Lamlungu m'mawa gulu lidanyamuka pabwalo la tchalitchi ndi phokoso la mabelu a ng'ombe amene amayi ankagwedeza m'mawindo. Posakhalitsa onse adalowa m'nkhalango, ndipo patsogolo pa Dalia padatsala msana umodzi wokha: wa mayi wina wachikulire, wamfupi, wathupi, wa ndodo ziwiri ndi mpango wachikasu kumutu. Dzina lawo lidali Edvige, mzamba wopuma pantchito wochokera kutauni yakunsi kwa chigwa. Ankathamanga m'njira yakuti munthu woyenda akhoza kuwapitirira akusenda nthochi.

Poyamba Dalia ankangoyang'ana wotchi pamkono. Miyendo inkamuyabwa. Nthawi imeneyo anzake kunyanja adali atatuluka kale m'madzi, ndipo iye ali kuno kumasula tinsalu m'nthambi, kutola timapepala ta maswiti. Kansalu kalikonse kadali komangidwa ndi manja a bambo ake, pamsinkhu wa maso a munthu wotopa, amene mutu wake wagwa pansi. Mpaka pamwala paja pamene adawapeza atafa. Kupitirira pamenepo tinsalu tidali ta a Tarcisio, topachikidwa m'mwamba ngati zovala pachingwe.

Koma phiri lili ndi zake. Pansi pa mitengo ya paini njira idali yofewa, ndipo mawondo ake, amene tala wa m'tauni ankawapweteka m'mawa uliwonse, adangoti zii. Phazi lililonse linkafuna maso: apa muzu, apa mwala woterera, apa kamtsinje. Mutu udalibe mpata woganiza za maliro. Fungo la utomoni lidamulowa m'chifuwa, ndipo pa mtengo wogoba umene abusa amamwetsera ng'ombe adamwa madzi ozizira mpaka mano kuuma. Adadabwa kuzindikira kuti papita zaka asadamveko mbalame akuthamanga.

"Ndiwe mwana wa malemu, eti?" adafunsa mayi Edvige pamalo ena osalala, osatembenuka. "Mayendedwe ake ndi omwewo. Pepa, mwananga."

"Zikomo, mayi. Tiyeni tiziyenda, nthawi yatha."

"Nthawi ikuthawira kuti? Kuthamanga si kufika." Adapuma mwamphamvu. "Bambo ako, Mulungu awalandire, anali munthu wabwino. Koma tinene chilungamo, phirili linkawakanika. Chaka chilichonse ndinkachita kuwadikira."

"Kuwadikira abambo?"

"Eee! Nsapato zawo zija! Pachikweza paliponse, 'Pepani mayi, chingwe chamasuka.' Ine n'kuima. Nanga ndikanatani, kumusiya mnzanga yekha m'phiri? Apite pang'ono, chamasukanso. Ndinawauza ine, a Ermes, gulani nsapato zomata ngati za ana a mkaka, mukundichedwetsa. Iwo kumangoseka. Pakanapanda iwowo, bwenzi ine ndikufika anthu asanathe vinyo."

Dalia adakumbukira mfundo ya bambo ake. M'maganizo mwake adaona foloko yopindika ija patebulo la kukhitchini. Adayenda mtunda ndithu akuona njira mwachimbuuzi.

Atatuluka m'nkhalango, chikweza chomaliza chidaima patsogolo pawo, chopanda mthunzi, miyala yokhayokha. Pamwamba pake padali geti, ndipo pambali pa geti padaima Tullio, chinthu chikunyezimira m'dzanja lake. Dalia adayang'ana wotchi. Mpata udalipo, koma wochepa zedi. Mayiwo akadangolimbikira osaima, akadadutsa belu lisanalire.

"Tiyeni, mayi, tatsala pang'ono," adatero.

Mayi Edvige adalimbikiradi. Ndodo zinkagogoda pamiyala, mpweya ukulira m'chifuwa ngati chitseko chadzimbiri. Pakati pa chikwezacho phazi lawo lidaphonya mwala, nadzandira. Dalia adawagwira pachigongono, ndipo pamenepo adaona nkhope yawo: kufiira kuja kudali kutachoka, milomo itatuwa.

"Mupume pang'ono."

"Ndani? Ine?" Adachotsa mkono wawo. "Chiyambire sindinaimepo m'phiri muno chifukwa cha kutopa. Ndiyambe lero, pamaso pa mwana? Tiye!"

Adaponyanso phazi, mwendo ukunjenjemera. Dalia adayang'ana kumwamba kumene kudali mchimwene wake. Adaganiza za a Tarcisio ndi chipewa chawo, za mayi ake, za tinsalu tofiira todzaza m'thumba lake. Mpikisano wonse wa bambo ake udali pa mapazi ochepa amenewo, ndipo mayi Edvige, atangowasiya, akadakwera mpaka kugwa. Adachita mantha, ndipo adakwiya, osadziwa kuti akukwiyira yani.

Kenako adagwada pamiyala yotentha, naphimba mfundo ya nsapato yake ndi manja onse awiri.

"Pepani mayi," adatero. "Chingwe chamasuka."

Ndodo zidaleka kugogoda.

"Hii! Nawenso?" Mayi Edvige adatembenuka, natsamira ndodo zawo ndi thupi lonse. "Magazi ndi magazi ndithu. Banja lonse osadziwa kumanga nsapato! Manga bwinobwino, mwananga, ndikudikira. Usafulumire."

Dalia sadafulumire. Adaweramitsa mutu, zala zikuseweretsa zingwe zomangika kale, makutu ali pa mpweya wa mayiwo. Unkalira, kenako udayamba kutsika pang'onopang'ono. Ali chigwadire choncho, belu la tchalitchi lidalira kunsi kuchigwa, mawu ake akukwera phiri mosathamanga. Adalimvera mpaka lidatha. Misozi idagwera pa nsapato, ndipo adaisiya igwe. Atamva kuti mayiwo akupuma ngati munthu, adasinthira phazi linalo.

Adafika pageti dzuwa litapendeka pang'ono. Ng'ombe zinkalira pakona. Tullio adali ataima pakati pa njira, loko ili m'dzanja, geti lili chitsegukire.

"Mwaswera bwanji, achimwene a ng'ombe?" adatero mayi Edvige, akudutsa pambali pake ngati palibe chilichonse. "Musandiyang'ane ine, ine ndikanafika kale. Mchemwali wanuyu ndiye wandichedwetsa. Mumugulire nsapato zomata."

Adalowa m'busamo, mpango wachikasu ukugwedera, ndodo zikulasa udzu.

Dalia adaima kunja kwa geti. Adalibe mphamvu yopempha, ndipo sadapemphe. Tullio sadamuyang'ane kumaso. Adayang'ana mapazi ake: mfundo ziwiri zolimba, matope a m'nkhalango ataumira pamwamba pake osasweka. Adaziyang'ana nthawi yaitali. Kenako adayang'ana kunsi, pachikweza paja pamene ankaona bambo ake atagwada chaka ndi chaka.

"Chinamasukadi?" adafunsa.

"Chinamasuka."

Tullio adagwedeza mutu. Adapukuta mphuno ndi kuseri kwa dzanja, nalowetsa loko m'thumba la jekete.

"Lowa, utseke," adatero. "Uzilinyamula pang'ono, limakhula pansi. Abambo ankaliyamba ndi phazi."

Dalia adalowa, naika phazi pansi pa geti, nalinyamula. Lidatsekeka mosavuta. Adamasula kansalu kofiira kamene kadali pamtengo wa getilo, naika m'thumba, ndipo adatsatira mpango wachikasu uja, akusamala kuti asaupitirire.