Gulu Losalandira Mankhwala

Ndinalota ndapita kuntchito kwa amuna anga, a Malunga, kukawapatsira kamba amene anaiwala. Iwowa amafufuza za matenda a shuga pa makoswe oyera. Amawadyetsa zamafuta ndi zotsekemera mpaka adwale, kenako nkumayeza mmene magazi ndi chiwindi zikusinthira. Inenso shuga ndili naye, ndiye ndinkayenda modzitukumula kuti ndinakwatiwa ndi munthu amene akundimenyera nkhondo.

Nditatsegula chitseko cha labotale ndinapeza mtsinje ukudutsa pakati pa chipinda. Madzi ake anali tiyi wotsekemera kwambiri, nyerere zitandanda m'mbali. Ndinakwinya chitenje nkuwoloka. Kutsidya kunali makola awiri a waya, aakulu ngati nyumba.

Khoswe wina wonenepa, wakufa diso limodzi, anandilonjera mwaulemu.

"Mwachedwa, mayi. Malo anu takusungirani."

"Ine ndangobweretsa kamba."

"Tonse tinabwera choncho. Taonani mchira wanu."

Ndinacheuka. Mchira ndinali nawodi, wopakidwa inki yobiriwira. Khosweyo anandifotokozera kuti a inki yofiira amalandira mankhwala, koma ife obiriwira sitilandira kanthu. Amangotiyang'anira kuti aone mmene matenda amamudyera munthu akasiyidwa.

M'khola la ofiira munali Esinati, mtsikana wogwira ntchito ndi a Malunga, yemwe amabwera kwathu nkumanditchula kuti achemwali. Ine wopusane ndimamupakulira nyama yamnofu. Anali atavala diresi yanga ya kutchalitchi, a Malunga akumumwetsa mankhwala anga pa supuni, akuyamba awauzira kaye kuti asamuotche. Sindinakwiye msanga. Chinayamba ndi manyazi, mkwiyo unabwera pambuyo.

"Bambo a Tadala, mankhwala angawo akupitiranji uko?"

Anatembenuka osadabwa konse, ali m'jasi lawo loyera.

"Nangozo, musadandaule. Pofufuza pamafunika wina wosathandizidwa, kuti tione kusiyana kwake. Inu ndinu wopirira, ndiye ndinasankha inu."

"Munandisankha liti?"

"Tsiku la ukwati."

Pamenepo zala zanga zakumiyendo zinayamba kusungunuka chimodzichimodzi, ngati shuga m'kapu. Sizinapweteke. A Malunga anabwera nkugwada patsogolo panga, ine nkutambasula manja poganiza kuti andinyamula. Iwo anangoyang'anitsitsa mapaziwo, akugwedeza mutu mokhutira, kenako anaitana Esinati kuti adzaone nawo. Chitseko cha khola la obiriwira chinadzitsekula chokha ndi kundiuza kuti ndilowe, chifukwa chimadana ndi kukankha anthu olemekezeka.

Ndinadzidzimuka kunja kutayera. A Malunga anali atakhala m'mphepete mwa bedi, atagwira chala changa, akundibaya ndi kasingano koyezera shuga monga amachitira m'mawa uliwonse. Kamakina kanalira. Ndinadikira kuti andiyang'ane kumaso, koma maso awo anali pa nambala.

"Wakweranso," anatero, ndipo m'mawu mwawo munalibe chisoni.